Angauze kapitawo kuti sikelo ikuba? Mafunso ndi mayankho a m'minda ya tiyi ya ku Honde ndi ku Chipinge

Makampani masiku ano amakonda kutumiza mabwana awo ku mahotela kukaphunzira kuugwira mtima ndi kumvetsera antchito. Zitsanzo za m'maphunzirowo zimakhala za m'maofesi a ku America, kumene munthu akakhumudwa amalemba kalata n'kukapeza ntchito ina. Pano nkhaniyi taitengera kumatope, kum'mawa kwa Zimbabwe, kumene adzukulu a matchona a ku Nyasaland amathyola tiyi limodzi ndi Amanyika, Andau ndi anthu oolokera kuchokera ku Mozambique.

Kumasuka pantchito kumene akatswiri akunenaku n'chiyani kwenikweni?

Mu 1999 Amy Edmondson wa ku yunivesite ya Harvard adasindikiza kafukufuku amene adachita pa magulu 51 a antchito a kampani ina yopanga katundu. Chimene ankayeza adachitcha psychological safety. Ndi chikhulupiriro cha anthu a gulu limodzi chakuti wina akafunsa funso, akaulula kuti walakwitsa, kapena akatsutsa ganizo la mkulu wake, sachititsidwa manyazi ndipo salangidwa.

Nzeruyi idamupeza mayiyu mosayembekezera. Adakali wophunzira adafufuza za kulakwitsa popereka mankhwala m'zipatala ziwiri, ali ndi chiyembekezo choti mawodi amene anamwino ake amamvana ndiwo apezeke ndi zolakwa zochepa. Ziwerengero zidamutembenukira: mawodi oyenda bwinowo ndiwo adali ndi zolakwa zambiri m'mabuku. Atayang'anitsitsa adaona kuti m'mawodi amenewo anthu ankaulula, pamene m'mawodi a sisitala wolusa cholakwa chinkakwiriridwa. Kuyambira mu 2012 kampani ya Google idaunikanso magulu ake 180, ndipo idapeza kuti kumasuka kumeneku kunkasiyanitsa magulu ochita bwino ndi ofooka kuposa maphunziro kapena luso la munthu payekha.

Izi ndi za kuchipatala ndi za anthu a makompyuta. Zikukhudzana bwanji ndi munda wa tiyi?

Tiyi sadikira. Wothyola amatenga masamba awiri ndi nsonga yake, ndipo tsamba likangochoka pamtengo limayamba kusintha. Likapanikizidwa m'thumba, kapena likakhalitsa padzuwa podikira thirakitala, limatentha n'kufiira, ndipo palibe makina a kufakitale amene angalibweze. Kufakitaleko limafotetsedwa, limadulidwa, limasiyidwa kuti lisinthe mtundu, limaumitsidwa ndi mpweya wotentha, kenako limasankhidwa magiredi. Pa ntchito iliyonse mwa izi, woyamba kuona kuti chinthu chalakwika ndi amene ali pansi penipeni pa mndandanda wa malipiro.

Mayi wothyola ndiye amaona tizilombo tofiira tija tayamba kuyamwa masamba kumzere wakumapeto, manejala asanadutseko ndi njinga yake yamoto. Wopopera mankhwala amadziwa kuti mpope ukumudonthera pamsana. Mnyamata wa pa makina odulira masamba amamva kuti kalirikidwe kake kasintha usiku uno. M'maesiteti ambiri tsopano muli makina othyolera amene anthu amanyamula uku ndi uku, ndipo mpeni wake suzindikira tsamba ndi chala. Anthu onsewa akasankha kukhala chete, esiteti imadzadziwa za vutolo tiyi atagwa mtengo pamsika kapena munthu ali kale kuchipatala. Akale adanena kuti chetechete sautsa nyama.

Maesiteti ake ndi ati, ndipo Amalawi adafikako bwanji?

Tiyi wa ku Chipinge adayambira pa New Year's Gift mu 1924, pamene Grafton Phillips ndi Arthur Ward adabzala mbewu yochokera ku Assam m'mbali mwa mtsinje wa Tanganda. Dzina la mtsinjewo ndilo lidakhala la kampani ya Tanganda, imene ili ndi maesiteti monga Ratelshoek, Jersey, Zona ndi Tingamira, ndipo idabwereranso payokha pa msika wa masheya wa Zimbabwe mu 2022 itasiyana ndi kampani ya Meikles. Kampani ya Ariston nayo ili ndi Southdown ndi Clearwater. Kumpoto kwa Mutare, m'chigwa cha Honde pansi pa phiri la Nyangani, tiyi adafika m'zaka za m'ma 1950. Kumeneko kuli Eastern Highlands Plantations, kuli Aberfoyle, kuli Katiyo imene idakhala m'manja mwa bungwe la boma la ARDA, komanso alimi ang'onoang'ono amene amagulitsa masamba awo ku fakitale za esiteti.

Ubale ndi Malawi ndi wa mitengo komanso wa anthu. Mitundu yambiri ya tiyi wa makono imene idabzalidwa kumeneku idachokera ku Mimosa ku Mulanje, pa Tea Research Foundation of Central Africa, malo ofufuzira amene adakhazikitsidwa kuti azithandiza maiko onse awiri. Anthu adatsogola kale. Amuna a ku Nyasaland ankapita ku Southern Rhodesia wapansi, ena pa malole a Ulere, ena atalembedwa ndi bungwe lolemba antchito la Mthandizi, n'kumwazikana m'migodi, m'mafamu a fodya ndi m'maesiteti. Ambiri sadabwerere. Ashona amawatcha Mabhurandaya, anthu a ku Blantyre, ngakhale agogo awo adachokera ku Dedza kapena ku Mangochi.

Nanga chimamutseka pakamwa wothyola tiyi n'chiyani?

Amawerengera. Munthu asanatsegule pakamwa amaika mbali imodzi zimene angapindule akalankhula, mbali ina zimene angataye, ndipo pa esiteti mbali yachiwiriyi ndi yolemera modabwitsa.

Tiyambe ndi tsiku limodzi. Malipiro a wothyola amadalira makilogalamu. Amene amagawa mizere m'mawa ndi kapitawo, amene kumeneko ambiri amati foromani, ndipo mizere siyofanana: ina ili pachidikha, masamba ali mbwee, ina ili pamtsetse woterera pamene dengu limakukokera chagada. Amene amayang'ana ngati masamba ali oyenera kapena okhwima ndi kapitawo yemweyo kapena mnzake. Amene amawerenga sikelo n'kulemba ndi kalaliki. Wodandaula lero sachita kulalatiridwa. Mawa amangopezeka pamtsetse, masamba ake akubwezedwa kuti asankhenso pamene anzake akupitiriza kuthyola, ndipo palibe lamulo lililonse limene laswedwa.

Kenako pali kontirakiti. Tiyi amaphuka kwambiri mvula ikagwa, kuyambira cha mu Novembala mpaka Epulo, ndipo antchito ochuluka amalembedwa a nyengo imeneyi yokha. Munthu wa nyengo sachotsedwa ntchito. Amangosiyidwa osaitanidwanso. Kumbuyo kwa kontirakiti kuli nyumba ya kukomboni, sukulu ya ana, kachipatala ka pa esiteti, mpopi wa madzi. Blair Rutherford, amene adakhala ndi antchito a m'mafamu a ku Hurungwe n'kulemba buku la Working on the Margins mu 2001, adaonetsa kuti mphamvu za mwini famu sizinkathera pa ntchito. Zinkalowa mpaka m'nyumba, m'mabanja ndi m'milandu ya kukomboni. Iye ankalemba za dera la fodya, koma kamangidwe kameneka ndi ka maesiteti onse a nthawi ya atsamunda, ku Thyolo, ku Kericho ngakhale ku Assam. Sitikuloza kampani imodzi chala. Ndi mmene ntchitoyi idaumbidwira.

Katswiri wa zachuma Albert Hirschman adalemba mu 1970 kuti munthu wosakhutira ali ndi njira ziwiri, kuchoka kapena kulankhula. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti mawu a munthu amalemera pamene omvawo akudziwa kuti angathe kuchoka. Mmanyika wa ku Mutasa kapena Mndau wa ku Chikore akatopa ali ndi mudzi, munda ndi amalume. Diamondi atatulukira ku Marange mu 2006, ndalama ya Zimbabwe n'kusanduka mapepala mu 2008, anthu ambiri a ku Manicaland adasiya ntchito za m'minda n'kupita kukayesa mwayi. Koma mdzukulu wa mtchona wobadwira kukomboni alibe mudzi woti athawireko. Ku Malawi sadziwa ngakhale njira ya kumanda a agogo ake. Lamulo la unzika la 2001 lidasiya ambiri otere opanda dziko, chitupa chawo chikuwatcha alendo m'dziko limene adabadwiramo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 adawabwezera unzika, koma nzika yopanda munda imakhalabe pa nyumba ya bwana.

Palinso chikumbumtima cha nkhondo. Mu Disembala 1976 antchito 27 a pa esiteti ya tiyi ku Honde adatulutsidwa m'nyumba usiku n'kuwomberedwa, ena mwa iwo ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique. Boma la Rhodesia lidati adawapha ndi asilikali omenyera ufulu a ZANLA, koma omenyera ufuluwo adakana n'kuloza asilikali a boma lomwelo. Kwa wantchito wa nthawi imeneyo, kulankhula ndi mbali iyi kudali imfa, kulankhula ndi mbali inayo kudali imfanso. Makolo amene adapulumuka pokhala chete adalera ana awo ndi nzeru yomweyo, ndipo phunziro la kuhotela silingaichotse pa sabata imodzi.

Kodi si ulemu chabe? Kwathu mwana sayankha akulu.

Mabwana ena amakonda yankho limeneli chifukwa limawachotsera udindo: anthu athu ndi mmene alili. Ine sindilivomera. Mwambo wathu uli ndi njira zambirimbiri zouzira wamkulu kuti walakwa. Pabwalo la milandu munthu wamba amatsutsa mfumu, bola ayambe ndi kuomba m'manja. Mkazi amene sangauze apongozi ake maso ndi maso amatuma nkhoswe. Amayi amaimba pamtondo, mudzi wonse n'kumva amene akunenedwa. Gule wamkulu, amene Ashona amati zvigure ndipo amavinidwabe m'makomboni a ku Zimbabwe, wakhala akunyoza amphamvu kuyambira kale atabisa nkhope.

Ulemu umasankha mawu ndi nthawi, koma uthenga umafika. Mayi akhoza kugwada pang'ono n'kunena kuti, "Pepani akapitawo, sikeloyi ngati yatopa, taiyesani ndi mwala woyesera uja." Wanena zonse ndipo palibe amene wanyozeka. Mantha ndi amene amachititsa kuti uthengawo usatuluke n'komwe, kapena utuluke m'njira ina. Kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Gulu limene silingakane ndi pakamwa limakana ndi manja: limavomera mgwazo wosatheka n'kudzaza dengu ndi masamba okhwima, limadwala Lolemba, limaona paipi yothirira ikudontha n'kuidutsa.

Ndiye kapitawo wa mtima wabwino, wodziwa kuwerenga anthu, sangathetse vutoli?

Angathandize kwambiri, ndipo tisamuchepetse. Luso limeneli Peter Salovey ndi John Mayer adalifotokoza mu 1990, kenako Daniel Goleman adalitchukitsa ndi buku lake la Emotional Intelligence mu 1995. Ndi kutha kuzindikira zimene zikuchitika mumtima mwako ndi mwa mnzako, kudziwa chimene chazidzetsa, ndi kuziwongolera. Kapitawo amalifuna kuposa manejala wamkulu, chifukwa iye ali pakati. M'mawa wakalipiridwa kuofesi kuti makilogalamu atsika, ndipo pofika kumunda akhoza kutsanulira ukaliwo pa anthu makumi anayi kapena kuumeza. Amene amadziwa kuti wapsa mtima chifukwa cha kuofesi, osati chifukwa cha mayi wachedwa uja, wapulumutsa tsiku la gulu lonse.

Mphindi yofunika kwambiri ndi pamene wina wabwera ndi nkhani yoipa. Mnyamata akuti, "Bambo, ndasakaniza mankhwala mopyola muyeso, ndapopera kale mizere itatu." Anthu onse ali pafupi amaleka kuthyola, makutu ali tcheru. Kapitawo akayamba ndi "Chitsiru iwe," waphunzitsa gulu lonse kuti tsiku lina adzabise. Akayamba ndi kufunsa kuti ndi mizere iti, ndipo wasamba m'manja kapena ayi, masambawo sapita kufakitale ndipo mawa winanso adzaulula. Zolangiza zikhoza kubwera madzulo, awiriwiri.

Koma luso limeneli ndi mpeni, limasenda mbatata ndipo limabayanso. Munthu wodziwa kuwerenga nkhope amadziwanso amene ali ndi ngongole, amene mwana wake akudwala, amene sangakane. Akapitawo oopsa kwambiri si olalata aja ayi. Ndi aja oseka ndi aliyense, amene amadziwa polasa. Ndiponso kapitawo wabwino amasamutsidwa, amakalamba, amapuma. Ngati kumasuka kwa gulu kwakhazikika pa mtima wa munthu mmodzi, kumachoka naye. Nchifukwa chake ndimaona kuti kampani imene yalipira maphunziro a kuugwira mtima, koma yasiya mizere, sikelo, nyumba ndi kontirakiti m'dzanja limodzi, yagula kumwetulira basi.

Bwanji za amayi? Timamva zambiri za m'maesiteti.

Apa ndi pamene mphamvu zounjikana m'dzanja limodzi zimapweteka koposa. Othyola ambiri ndi akazi, oyang'anira ambiri ndi amuna. Mu Febuluwale 2023 BBC idaulutsa zimene idapeza m'maesiteti a tiyi a ku Kenya, kumene amayi oposa 70 adafotokoza kuti oyang'anira ankawaumiriza kugona nawo kuti alembedwe ntchito kapena apatsidwe ntchito yopepuka. Kwathu ku Malawi, mu 2021, kampani ya Camellia ya ku Britain idagwirizana kunja kwa khoti ndi amayi 36 amene adasuma pa nkhani zotere zokhudza maesiteti a Eastern Produce Malawi. Kampaniyo sidavomere mlandu, koma idalipira ndipo idalonjeza kusintha zinthu, kuphatikizapo kuphunzitsa amayi kuti azikhala oyang'anira.

Chochititsa chidwi n'chakuti makampani amenewa adali ndi malamulo olembedwa oletsa nkhanza zotere, ndipo tiyi wawo ankadutsa m'manja mwa oyendera. Amayi a ku Mulanje ndi ku Thyolo adakamvedwa ndi maloya a ku London. Zimenezi zikusonyeza kutalika kwa ulendo wochoka pamzere wa tiyi kukafika pa ofesi ya esiteti, ngakhale ofesiyo ikuonekera poteropo. Milandu imeneyi si ya ku Honde kapena ku Chipinge, koma manejala wa kumeneko amene angaiwerenge n'kunena kuti kwathu kuno sitinamvepo dandaulo ayenera kukumbukira mawodi a Edmondson aja.

Malamulo ndi makomiti alipo kale. Sakukwanira?

Papepala Zimbabwe ili bwino ndithu. Lamulo la ntchito limalola antchito kusankha komiti yawo, ndipo limakhazikitsa bwalo limene oimira antchito ndi oimira olemba ntchito amakhala ochuluka mofanana. Pali bungwe la antchito a m'minda la GAPWUZ, ndi khonsolo ya za ulimi imene imakambirana malipiro. Mu 2023 lamulolo lidakonzedwanso n'kutchula poyera nkhanza ndi kuzunzana pantchito, motsatira mzimu wa pangano la bungwe la za ntchito la ILO la nambala 190 la mu 2019. Ogula tiyi a kunja nawo amafuna chiphaso cha mabungwe monga Rainforest Alliance, amene amalamula kuti pa esiteti pakhale komiti yomva madandaulo.

Vuto lili pa tinthu ting'onoting'ono. Bokosi la madandaulo likakhomedwa pakhomo pa ofesi, mlonda akuona aliyense woponyamo, limadzaza ndi akangaude. Fomu ikakhala ya Chingerezi, gogo wolankhula Chindau kapena Chichewa chosakanikirana ndi Chishona amafunika womulembera, ndipo wodziwa kulemba amene ali pafupi ndi kalaliki yemwe akumudandaulayo. Wapampando wa komiti akakhala kuti akuyembekezera kukwezedwa kukhala kapitawo, amasefa nkhani asanazifikitse. Zimene zimasintha zinthu ndi zosasangalatsa kuzilemba m'lipoti la pachaka: mizere izigawidwa mosinthana motsatira ndandanda yodziwika kwa onse, sikelo izionetsa nambala kwa wothyola n'kumupatsa kalisiti, mwala woyesera sikelo uzikhala pomwepo kuti aliyense athe kuupempha, mndandanda wa oitanidwanso usamalembedwe ndi kapitawo yekha, ndipo nkhani ya nyumba isamaweruzidwe ndi munthu amene wayambana naye kumunda. Chilichonse mwa izi chimatsitsa mtengo wa kulankhula.

Anthu akamasuka chonchi sayamba mwano ndi ulesi?

Edmondson mwiniwake amatsindika kuti kumasuka sikuchotsa muyeso wa ntchito. Masamba awiri ndi nsonga akhalabe masamba awiri ndi nsonga, ndipo wothyola mitengo abwezedwabe. Kusiyana kwake n'kwakuti akhoza kufunsa chifukwa chake, ndipo akhoza kunena kuti munda uwu wapitirira masiku ake, masamba anakhwima tisanafike. Apo cholakwa ndi cha wokonza ndandanda ya kathyoledwe, ndipo esiteti ikufunika kuchidziwa.

Manejala angadziwe bwanji kuti anthu ake ndi omasukadi?

Asawafunse pamsonkhano. Adzaomba m'manja n'kunena kuti zonse zili bwino, bwana. Asadalirenso tsiku la oyendera, chifukwa komboni yonse imadziwa kuti alendo amapita koma kapitawo amatsala.

Atsegule mabuku amene ali nawo kale. M'buku la ngozi, kodi mwalembedwa ngozi zokhazo zimene munthu adatuluka magazi, kapena mulinso zimene zidatsala pang'ono kuchitika? Zachiwirizi zimalembedwa pokhapokha wina atadziulula popanda womukakamiza. Ayerekeze magulu: ngati gulu la kapitawo wina silinabweretsepo dandaulo chaka chonse koma ndilo likutsogola pa kujomba ndi pa masamba obwezedwa, apiteko. Aone ngati nkhani zoipa zimamupeza kuchokera kumunda kapena amazimva kwa wolawa tiyi ku Mutare. Kenako atenge maina a anthu a nyengo amene adadandaulapo chaka chatha, kaya za sikelo, kaya za magolovesi, kaya za kapitawo wogwiragwira amayi, awaike pambali pa mndandanda wa amene adaitanidwanso mu Novembala, awerenge kuti abwerera angati. Kukomboni adawerenga kale.